Khoma Lopanda Matope

Ndimawatola kusanache,
minibasi ikutsokomola chisanu cha ku Alston,
pa mphambano iliyonse mwana mmodzi
atabisa mutu m'chipewa cha juzi
ngati kamba wokana moni.
Alipo asanu ndi awiri. Lolemba mpaka Lachinayi.
Sukulu inawalavula, kapena iwo ndiwo anailavula,
zimatengera amene wamufunsa.

Declan amati zilembo zimamuzemba papepala,
b ndi d kubwerekana malaya iye akuona.
Tegan anaponya mpando pawindo ali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Safotokoza. Ine sindifunsa.
Maso a dalaivala ndi a msewu.

Kufamu kulibe belu.
Kuli Mayi Raine, zikhatho zawo ngati khungwa la mkuyu,
ndi khoma lamiyala limene chisanu chinagwetsa,
nkhosa zikudutsapo ngati zinalipira msonkho.
"Mwala ukaunyamula usaubweze pansi," amatero,
"uupezere malo ake."
Simenti ayi, matope ayi.
Umodzi pa iwiri, iwiri pa umodzi,
timiyala tonyozeka kudzaza m'mimba mwa khoma.

Ntchito yanga n'kudikira m'galimoto
ndi tiyi wam'fulasiki ndi wailesi yolankhula za mvula.
Sabata yachitatu ndinatsika.

Paja nane ndinalekezera Sitandade sikisi ku Bembeke,
chaka chimene bambo anagwa ndi njinga ya makala
pa chitunda, osadzukanso bwino.
M'kaundula anandilemba kuti wathawa.
Sindinathawe ine. Ndinali kudambo
kuumba njerwa za nyumba za eni ake,
chikombole chikundidya zala mpaka madzulo.
Zimenezi sindinamuuzepo aliyense kuno,
koma manja anandiulula.
Mayi Raine anangondiyang'ana, n'kundipatsa nyundo.

Ndinamuona Declan atagwada pa chingwe,
akuyeza kuti khoma lizichepa likamakwera,
chala chimodzi pa mzere uliwonse,
milomo ikuyenda yokha.
Masamu amene anamugwetsa mayeso kawiri
anali kutuluka m'zikhadabo zakuda.
Palibe anamuuza kuti ndi masamu.
Tinakhala chete dala, kuopa kuwadzidzimutsa.

M'mwezi wa Epulo, m'khola lonunkha udzu wonyowa,
nkhosa ina mwana anaithina chopingasa.
Dzanja la Mayi Raine linakula, langa linanjenjemera.
Tegan anapinda malaya,
nalowetsa mkono mpaka m'chigongono,
akunong'oneza nyamayo mawu amene
palibe mphunzitsi anawamvapo pakamwa pake.
Kanatuluka kachikasu, kali nyekhe,
kenaka kanayetsemula.
Mtsikanayo anatukwana kamodzi, mokondwa,
n'kupukutira misozi paphewa.

Si onse.
Pa mphambano ya ku Nenthead, Corey analeka kuima.
Ndimaliza hutala kawiri, ndimawerenga mpaka makumi asanu,
katani yapawindo lam'mwamba imagwedezeka pang'ono,
basi.
Magolovesi ake akadali pansi pa mpando wakumbuyo,
lina lopindika ngati likugwirabe kanthu.

Kunabwera bambo wa kukhonsolo, nsapato zoyera,
fomu ili m'manja, kufunsa zotsatira.
Mayi Raine anamulozera phiri:
mamita makumi atatu ndi limodzi, oima okha m'mphepo.
Iye anasakasaka bokosi loti achongemo,
sanalipeze, analemba m'mphepete.

Pansi pa khomalo tinasiya kabowo
kofika m'bondo, mwala wautali pamwamba pake.
Ndinayesa talakwitsa.
"Ayi," anatero Declan, akupukuta mphuno ndi mkono,
"n'ka nkhosa yotsalira kuphiri.
Ikafuna kubwera, ipeze polowera."

Mawa ndidzaimanso pa Nenthead.
Injini sindizimitsa,
mpando wakumbuyo uzikhala wofunda.